Kodi kujambula Yesu wakhungu lakuda nkunyoza Mulungu?

Amayi ena andilembera imelo. Mwana wawo, amene akuphunzira luso lojambula, wajambula Yesu pa mtanda ali wakhungu lakuda, Mariya ataima pansi pake atavala chitenje ndi duku. Ena kumpingo akuti uku nkunyoza Mulungu. Funso lawo ndi lakuti: kodi zithunzi za nkhani za m'Baibulo nkololedwa kuzisintha motere?

Amayi, ine ndikuti mwana wanu sananyoze. Palibe mlembi wa Uthenga Wabwino amene anafotokoza nkhope ya Yesu, tsitsi lake kapena khungu lake. Yesu wa tsitsi lalitali lofiirira amene timamuona pa makalendala anatchuka kwambiri ndi chithunzi chimene Warner Sallman wa ku America anajambula mu 1940. Mgonero wa Ambuye wa Leonardo da Vinci, umene uli pakhoma ku Milan, unajambulidwa zaka za m'ma 1490, ndipo ophunzira akhala pa tebulo lalitali m'chipinda chomangidwa mwa Chitaliyana. Amenewanso anajambula Yesu pakati pa anthu a kwawo. Tinangowazolowera basi.

Chithunzi chimene ndikufuna mwana wanu achifufuze pa intaneti ndi cha Ronald Harrison wa ku Cape Town, ku South Africa. Mu 1962, patangopita zaka ziwiri apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville, Harrison anaonetsa chithunzi cha kupachikidwa kwa Yesu m'tchalitchi cha St Luke's ku Salt River. Nkhope ya wopachikidwayo inali ya Albert Luthuli, mtsogoleri wa ANC, chipani cholimbana ndi tsankho. Asilikali a Chiroma anali Hendrik Verwoerd, nduna yaikulu ya boma la tsankho, ndi John Vorster, nduna ya zachilungamo. Boma linaletsa chithunzichi, Harrison anamangidwa nkuzunzidwa, ndipo anthu anachizembetsera ku Britain. Chinabwerera kwawo mu 1997, pano chimasungidwa ku South African National Gallery.

Taganizani chimene chinakwiyitsa boma lija. Atsogoleri ake anali anthu a tchalitchi ndipo nkhani ya mtanda ankaidziwa pamtima. Ankadziyika kumbali ya Yesu. Harrison anawaimika kumbali ya ogwira mkondo, nkuwafunsa kuti lero wolasidwa ndani. Nkhani ya pa Gologota sanaichotsere kanthu, anangoibweretsa pakhomo pawo.

Pamenepa ndili ndi nkhawa imodzi, ndipo ndikuganiza kuti akumpingo kwanu ali ndi mfundo ngati akuopa zimenezi. Kupatsa Yesu nkhope ya munthu wodziwika, makamaka wandale, nkoopsa. Kwa Luthuli zinagwira mtima chifukwa anali munthu woponderezedwa ndipo sanazipemphe. Koma wojambula akayika pa mtanda nkhope ya wolamula pofuna kumusangalatsa, chithunzicho chasanduka chotamanda munthu, ndipo chimenecho ine sindingachilole m'nyumba yopemphereramo.

Marc Chagall anatenga njira ina. Iye anali Myuda, ndipo mu 1938, chaka chimene a Nazi anaotcha masunagoge ku Germany, anajambula Yesu pa mtanda atamangira m'chiuno nsalu imene Ayuda amafunda popemphera. Kuzungulira mtandawo kuli sunagoge akuyaka, nyumba zogubuduzika, bwato la anthu othawa, ndi munthu wothawa atakumbatira mpukutu wa malemba. Chithunzichi chili ku Art Institute of Chicago. Chimakumbutsa Akhristu a ku Ulaya zimene ambiri anasankha kuiwala, kuti Yesu amene amamupembedza anali Myuda ngati anthu amene ankawasakawo.

Kunonso kwathu nkhaniyi si yachilendo. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi luso, mu 1976, ndipo amisiri osema ndi ojambula kumeneko akhala akuonetsa nkhani za chikhulupiriro ndi nkhope, zovala ndi zizindikiro za Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Cyrene Mission pafupi ndi Bulawayo ku Zimbabwe, ana asukulu anajambula makoma a tchalitchi chawo m'zaka za m'ma 1940, anthu a m'Baibulo ali akuda pakati pa miyala ndi mitengo ya ku Matabeleland. Zonsezi zinachitika mkati mwa mpingo, atsogoleri ampingo akulimbikitsa.

Ndiye mukakhala pansi ndi mwana wanu, musayambe ndi za khungu. Mufunseni chifukwa chimene Mariya wavalira duku, ngati ndi duku la pamaliro, ndiponso amene aima patali akungoonerera ndani. Ngati ali ndi mayankho, mupite naye kwa abusa kapena kwa ansembe akafotokoze yekha chithunzicho chili pamaso pawo.