Chifukwa chake Thames imanunkha mvula ikagwa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mtsinje wa Thames wa ku London umada bii ndi kununkha mvula yamphamvu ikangogwa. Ngalande zakale za London, zomwe injiniya Joseph Bazalgette anamanga m'zaka za m'ma 1860, zimanyamula zonyansa za m'zimbudzi ndi madzi a mvula m'paipi imodzi. Mvula ikasowa madzi amayenda pang'onopang'ono, ndiye mchenga, mafuta ophikira ndi tinsalu topukutira zimakhazikika pansi n'kuundana. Ikadzagwa, madzi oyamba amakokolola matope onsewo kamodzi, paipi n'kudzaza, zonyansazo n'kusefukira mumtsinje. Oyambawo ndiwo oopsa zedi: amamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kufa. Kuziona zikuyandama chagada kumandiwawa mumtima. Panopa zosefukira zambiri zimalowa mu ngalande yatsopano ya Tideway, yotalika makilomita 25.