Kwa achemwali a pa Kamuzu Road amene akufuna kupumira Facebook ndi TikTok

Achemwali, funso lanu lamveka. Mukuti dzuwa likumalowa musanachite zimene munakonza chifukwa cha foni, ndiye mukufuna kupumako, koma mpunga wanu wa Kilombero ndi usipa wouma mumagulitsira pa WhatsApp, choncho mukuopa kuti mukazimitsa, makasitomala a ku Lilongwe apita kwa ena. Ambiri muno akuyankhani kuti chotsani zonse mugule kafoni ka mabatani. Ine ayi. Oyankha chonchowo sakudziwa kuti oda ya matumba awiri ikabwera usiku, m'mawa mwake katunduyo amayenera kukhala atakwera kale minibasi.

Chimene chikukudyerani nthawi si foni yonse. Uthenga wa kasitomala uli ndi mapeto: mwawerenga, mwagwirizana mtengo, ndalama yalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, basi. Chopanda mapeto ndi tsamba lija mumangolikoka ndi chala, kanema akatha wina n'kuyamba yekha. Zimenezi anachita kuzikonza dala. Kale pa intaneti tsamba linkafika pothera, munthu n'kusankha yekha kudina kuti aone lotsatira. Mu 2006 katswiri wina wa ku America, Aza Raskin, anapanga njira yoti tsamba lisamathe, ndipo patapita zaka iye mwini ananena poyera kuti amadandaula nazo. Makampani a Facebook ndi TikTok ndalama zawo amazipeza kwa otsatsa malonda, ndiye mukakhalitsa mumaona zotsatsa zambiri, iwo n'kumapindula. Chinanso n'chakuti makanema ambiri amakhala osasangalatsa, koma mwa apo ndi apo pamatulukira imodzi yokusekesani mpaka misozi, ndipo simudziwa kuti ibwera liti. Katswiri wa za khalidwe wa ku America, B.F. Skinner, anaonetsa kalekale pa nkhunda ndi makoswe kuti mphotho yobwera nthawi yosadziwika ndi imene imachititsa nyama kubwerezabwereza chinthu osatopa. Zili ngati msodzi wa mbedza pa nyanja ya Chia, woti "ndiponye komaliza" amanena kuyambira masana mpaka mdima. Ndiye musamadzinene kuti ndinu aulesi.

Musanachotse chilichonse, onani kaye kumene maola akupita. Pa foni ya Android lowani mu Settings, mupeze pamene alemba Digital Wellbeing. Pa iPhone ndi Screen Time. Imakuonetsani maola a pulogalamu iliyonse ndiponso kuti mwatsegula foni kangati. Anthu ambiri amaloza Facebook, koma akayang'ana amapeza kuti wakuba wamkulu ndi TikTok kapena ma status a pa WhatsApp pomwepo.

Mukadziwa, chotsani mufoni mapulogalamu awiriwo, Facebook ndi TikTok. Kuchotsa pulogalamu sikufufuta akaunti. Zithunzi ndi anzanu zonse mudzazipeza. Koma chonde, musanatero, onetsetsani kuti pasiwedi mukuidziwa ndipo nambala imene munalembetsera ikadali yanu. Kuno ambiri akaunti anawatsegulira mwana wa achimwene kapena mnyamata wokonza mafoni pamsika, pasiwedi sanaionepo, SIM yake inatayika kalekale. Oterowo akachotsa pulogalamu ndiye kuti atsanzikana nayo akauntiyo. Lembani pasiwedi kuseri kwa buku lanu la ngongole. Za kutseka akaunti kwakanthawi, zimene amati deactivate, chenjerani nazo ngati muli ndi peji ya bizinesi imene mumayendetsa nokha, chifukwa nayonso imabisika. Kufufutiratu ndiye musayerekeze: amakupatsani masiku 30 oti musinthe maganizo, akatha amenewo zonse zapita.

WhatsApp isiyeni, koma muidulire. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Werengani magulu amene mulimo: la kutchalitchi, la banki m'khonde, la makolo kusukulu, la anzanu a ku sekondale, la ukwati umene unachitika chaka chatha koma anthu akutumizabe maluwa a "mwadzuka bwanji", la ndale, la mpira. Ofunika pa ndalama ndi pa ana asiyeni. Enawo atsekeni pakamwa, zimene amati mute. WhatsApp imakufunsani kuti kwa maola 8, sabata imodzi kapena mpaka kalekale, inu sankhani chomalizacho, kenako muwaponye ku Archive kuti asamaonekenso pamwamba. Ofunika kutulukamo tulukani, musaope manyazi: kuyambira 2022 munthu ukatuluka pagulu uthenga umapita kwa ma admin okha, sulengezedwanso kwa aliyense. Zimitsaninso zoti zithunzi ndi makanema zizidzitsitsa zokha. Bandulo imene inkatha Lachitatu mudzaona ikufika Loweruka.

Kwa makasitomala, ikani WhatsApp Business ngati simunaike. Ndi yaulere, muli poika mitengo ndi zithunzi za katundu, ndiponso uthenga wodziyankha wokha mukakhala kuti simuli pafoni. Lembanipo kuti mumayankha m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo wachangu aimbe. Kasitomala wofunadi mpunga amaimba. Amene amakwiya chifukwa simunayankhe "zikuyenda?" pakati pa usiku nthawi zambiri si ogula.

Pali mantha ena amene simunawatchule koma ndikudziwa alipo: maliro. Masiku ano uthenga wa zovuta umafika pagulu la banja kapena pa Facebook mfumu isanatume n'komwe mnyamata, ndipo palibe amene amafuna kumva patapita masiku atatu kuti azakhali ku Khombedza anaikidwa kale. Musazitenge mopepuka. Sankhani m'bale mmodzi wokhulupirika, uja sachedwa kumva nkhani, mumuuze kuti kukagwa zovuta kapena wina akagonekedwa kuchipatala akuimbireni, ngakhale kungoflasha. Gulu la banja lokhalo mukhoza kulisiya lotsegula ngati si lija lodzadza ndi makanema a maulosi.

Kulengeza pa Facebook kuti "abale ndayamba ndachokapo" ine sindikuona phindu lake. Mukalemba zimenezo mudzafuna kubwerera kuti muone amene wadandaula, ndipo mwezi wanu udzathera pomwepo. Auzeni anthu ochepa amene zikuwakhudza, pakamwa.

Masiku oyamba dzanja lizidzapita lokha m'chikwama, chala n'kumafufuza pamene panali chizindikiro cha buluu cha Facebook chija. Nthawi yoopsa kwambiri pa malonda ngati anu ndi ya masana, kukatentha monga kumatenthera ku Salima mu Okutobala, ogula atasowa, inu muli pabenchi. Mukapanda kukonzeratu chochita pa ola limenelo mudzabwezeretsa TikTok Lachisanu lisanafike. Ikani pamenepo ntchito ya manja ndi maso: kuwerengera buku la ngongole, kupeta ndi kuyeza mpunga wa mawa, kuimbira uja anatenga katundu mwezi watha osalipira. Usiku foni izigona pabalaza pa tchaja, osati kumutu kwa bedi. Ngati mumadalira alamu, kwezani voliyumu. Kudzuka kukaizimitsa kukuthandizaninso kuti musagonenso.

Mwafunsa kuti mupume nthawi yaitali bwanji. Ine ndinganene mwezi wathunthu, kuchokera pa 1 mpaka pa 30, chifukwa malonda athu amayendera malipiro a anthu apantchito. Sabata imodzi ingakunamizeni: ikagwera pakati pa mwezi mudzati kuchoka pa Facebook kwagwetsa bizinesi, chonsecho anthu alibe ndalama basi. Lembani zimene mwagulitsa ndi zimene mwawononga pa mabandulo, mufanizire ndi mwezi wapitawo. Mukaona kuti maoda ena ankabweradi kudzera pa Facebook, bwererani koma muzilowera pa Chrome, pulogalamu ija yotsegulira masamba a intaneti, kawiri pa sabata, kuika zithunzi za katundu ndi nambala yanu n'kutulukamo. Kumeneko imachedwa ndipo imatopetsa, simungakhalitseko.