Musamukokere kutsogolo mnzanu wonjenjemerayo

Adzukulu anga a m'kwaya ya ku Mufakose mu mzinda wa Harare, mwandifunsa za mnzanu amene amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ndipo amathawira panja mlaliki akakweza mawu. Ena akuti ndi chiwanda, mumukokere kutsogolo mumusanjike manja mpaka chituluke. Ine ndikuti ayi, ananu.

Mwanena nokha kuti anali ndi zaka zisanu mu 2005 pamene nyumba yawo inagwetsedwa ku Mbare, mu Harare momwemo, iye akuona, pa nthawi ya Murambatsvina, pomwe boma la Zimbabwe linkagwetsa nyumba ndi misika m'matauni. Anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama chaka chimenecho, ndipo ambiri a ife ochokera ku Malawi tinalibe ndi mudzi womwe wothawirako. Ubongo wa mwanayo unagwira phunziro limodzi: phokoso ndi ngozi. Miyendo imanyamuka iye asanaganize n'komwe. Tsono anthu khumi akamuzinga n'kumamukuwira m'makutu, ndiye kuti mwamubwezera ku tsiku lomwe lija.

Komatu ubongo suuma ngati njerwa yootcha, umasinthabe mpaka munthu atamera imvi. Mu 2000 akatswiri anapeza kuti oyendetsa matakisi ku London anali ndi mbali yokulirapo ya ubongo yosunga njira, makamaka amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri. Amenewo anali akuluakulu, osati ana. Zili ngati njira ya kudimba: pomwe mumaponda kawirikawiri ndi pomwe pamayera. Mnzanuyo akabwera kutchalitchi Lamulungu lililonse n'kubwerera popanda womuopseza, njira ina yayamba kupondeka m'mutu mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khalani naye pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, adziwe kuti atha kutuluka popanda womufunsa. Musanamugwire paphewa, m'pempheni kaye. Umboni pamaso pa mpingo musamukakamize. Chimene chimandiwawa kwambiri ine n'chakuti munthu akakuululirani zakukhosi, mawa lake zili pa WhatsApp ya kwaya, ati kuti anthu apemphere. Mupempherereni, koma nkhani yake ithere m'makutu mwanu.

Pemphero sililetsa kupita kuchipatala. Konkuno ku Mbare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi kukiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chomwe anzathu Achishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Akavomera kupita, mmodzi wa inu akwere naye kombi, ndipo akamudikire panja mpaka atuluke.