Ndili ndi zaka 33, kodi sukulu inandipitirira?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Anasiya sukulu ali Fomu 2 atatenga pakati. Pano ali ndi zaka 33, ana atatu, ndipo amasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndingabwererenso kusukulu pa msinkhu uno, kapena ndingolimbikira makina angawa? Nanga anthu sakandiseka?"

Achemwali, ndiyambe ndi la kusekedwalo, chifukwa ndikuona kuti ndi limene lakumangani miyendo kuposa fizi. Ine ndinaphunzitsapo Chingerezi pa sukulu ya open. Ana a m'mawa akaweruka, ife tinkalowa m'makalasi omwewo masana, mabenchi akadali ofunda. Kutsogolo kwenikweni kunkakhala mayi wina wogulitsa tomato. Ankabwera molunjika kuchokera kumsika, mwana kumsana, makope atawakulunga m'jumbo kuopa mvula. Sabata yoyamba anyamata ankakodolana n'kumaseka chamumtima. Pofika teremu yachiwiri, anyamata omwewo ndi amene ankapanga mzere kubwereka makope ake, popeza iye yekha ndiye sankajomba. Kuseka kwa anthu sikufika ngakhale mwezi.

Khomo lanu ndi limenelo. Masukulu a open amachitikira pa masekondale ambiri a boma, aphunzitsi ake ndi omwewo, silabasi ndi yomweyo, ndipo mayeso a MSCE ochokera ku MANEB ndi amodzimodzi ndi amene amalemba mwana wa pa sukulu yogonera. Satifiketi ikatuluka imakhalanso yomweyo. Zimandipweteka ndithu kuti lamulo lolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka lakhalapo kuyambira 1993, koma ambiri onga inu panalibe wowauza.

Tsono makinawo musawasiye. Apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amaona luso la manja ngati ntchito ya olephera sukulu. Makina amenewo ndiwo adzalipire fizi, adzagule makope, adzadyetse ana inu muli m'kalasi. M'mawa sokani, masana phunzirani. Komanso luso lanulo likhoza kukhala ndi pepala lake. Bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira yoyesera anthu amene anaphunzira ntchito pamanja popanda kupita ku koleji, n'kuwapatsa satifiketi malinga ndi zomwe akutha kuchita. Kafunseni ku ofesi yawo ya ku Blantyre. Telala wokhala ndi pepala amayankhula molimba mtima akamapempha oda yosoka mayunifolomu a sukulu yonse.

Mukadzapeza MSCE, makomo ena adzatseguka: makoleji a ntchito zamanja monga Nasawa komweko ku Zomba, Soche ku Blantyre, kapena makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Koma chenjerani ndi timakoleji tongomera ngati bowa m'matauni. Musanapereke ndi tambala yomwe, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA. Ndaonapo anthu akulira atatha zaka ziwiri n'kupatsidwa pepala lomwe palibe bwana angaliyang'ane kawiri.

Pa maphunziro enieniwo, musakumbatire zambiri. Sankhani maphunziro amene mungawasenze, ndipo Chingerezi muchigwire ndi manja awiri, chifukwa mukachilephera satifiketi simupata, ngakhale kwinako mutakhoza bwanji. Ngati mtima uli pa yunivesite, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Kirediti ndi giredi 6, 5, 4 kapena 3, pomwe giredi 2 ndi 1 ndi zapamwamba kuposa apo. Masamu musawaope monga momwe mukuganizira. Munthu amene amadziwa kuti diresi la mwana wa zaka 8 lidya nsalu yochuluka bwanji, n'kuwerengera ulusi, zipi ndi phindu lake, masamu ali nawo kale m'manja.

Chovuta chenicheni, ndisakubisireni, ndi kutopa. Kudzakhala masiku oti kasitomala akufuna diresi la ukwati mawa, mwana watentha thupi, inu muli ndi mayeso. Choncho musanayambe, khalani pansi ndi a kunyumba kwanu, kaya bambo a ana kaya mchemwali wanu, mugwirizane kuti masana ndani aziyang'anira ana. Ndalama ya mayeso muziika padera pang'onopang'ono, mwina ku banki m'khonde, chifukwa MANEB imalembetsa miyezi yambiri mayeso asanafike ndipo tsiku lotseka likadutsa mwataya chaka.

Lolemba likubwerali pitani pa sekondale imene ili pafupi nanu, mukaonane ndi ahedi, muwauze kalasi imene munalekezera kuti akuuzeni poyambira. Mutenge mapepala alionse a sukulu amene munasunga, ngakhale lipoti long'ambika. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kumva zomwe akuuzani.