Nyumba ya bwanamkubwa ku Zomba ndi ya ndani?

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Akufunsa ngati State House ya ku Zomba ndi nyumba yomweyo imene lero ndi hotelo ya Masongola, ndipo kumapeto anawonjezera kuti saona chifukwa chosamalira nyumba zimene atsamunda anasiya. Mayi, funso lanulo ndi lapafupi. Koma mawu omalizawo andisowetsa tulo.

Agogo anga aamuna anali mmisiri womanga nyumba. Ndili wamng'ono, tikapita nawo mu tauni ya Zomba, ulendo wa ola limodzi unkatha tsiku lonse. Ankaima pa khoma lililonse lakale, n'kuligogoda ndi chala, n'kundiuza kuti njerwa yopsa bwino imalira ngati chitsulo. Kenako ankayendetsa chikhadabo mumzere wapakati pa njerwa kuti ndione kuwongoka kwake. Zikhatho zawo zinali zong'ambikang'ambika ndi laimu ndi simenti, moti akandigwira dzanja powoloka msewu zinkandikanda. Sindinawamvepo akutama mzungu chifukwa cha khoma. Ankangoti, "Amene anaumba iyi ankalidziwa dothi."

N'chifukwa chake mukati nyumba ya atsamunda, ine ndimaona anthu atasenza njerwa pamutu, akukwera chitunda cha m'munsi mwa phiri la Zomba, ena akufunafuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Pulani inali ya bwana, inde. Koma woponda matope, woumba, wowotcha uvuni, wocheka matabwa anali ndani?

Nyumbazi zilipo ziwiri. Yoyamba anaimanga ndi John Buchanan cha m'ma 1886, kumangira kazembe wa Britain. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa boma la atsamunda, anakhala momwemo. Ili ndi nsanja ziwiri za madenga osongoka, ndipo dzina loti Masongola linachokera pamenepo. Taonani, anthu athu anaiyang'ana n'kuipatsa dzina lawolawo, ndipo dzinalo ndi limene lakhalitsa. Nyumba yachiwiri, imene lero ndi State House, inabwera mu 1901, nthawi ya Alfred Sharpe, yemwe anadzakhala bwanamkubwa woyamba mu 1907 dziko litatchedwa Nyasaland. Azunguwo ankaopa kutentha ndi malungo, choncho nyumba zawo za ku Zomba anazimanga pamtunda popita mphepo, makoma aatali, makonde otakasuka, madzi a Mulunguzi ali pafupi. Ine ndimakhulupirira kuti panalinso china. Wolamula amafuna kuti omulamulidwa azikweza maso pomuyang'ana.

Sindikuiyeretsa nyumbayi ayi. Bwanamkubwa Robert Armitage, yemwe pa 3 March 1959 analamula kuti Dr Kamuzu Banda ndi anzake ambirimbiri amangidwe, ankagona mmenemo. Koma pa 1 April 1960 Kamuzu yemweyo, atangotuluka m'ndende ya ku Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, anamutengera m'nyumba yomweyo kukakumana ndi Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko olamulidwa ndi atsamunda. Glyn Jones ndiye anali bwanamkubwa wotsiriza, ndipo Malawi atakhala ripabuliki mu 1966 nyumbayo inakhala ya pulezidenti. Zoterezi mungazigwetse ndi thalakitala? Ine ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife timathamangira chatsopano. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Kamuzu anamanga Sanjika ku Blantyre, anamanganso chinyumba chachikulu ku Lilongwe, chimene m'nthawi ya a Bakili Muluzi munkakumana aphungu a Nyumba ya Malamulo, mpaka a Bingu wa Mutharika anadzalowamo mu 2004. Nyumba zimenezo aliyense amazidziwa. Koma funsani mwana wa sekondale kuti Masongola n'chiyani. Ndikanakonda ana asukulu atamaloledwa, ngakhale tsiku limodzi pachaka, kulowa mu State House ya ku Zomba n'kugogoda makomawo monga ankachitira agogo anga.

Yankho lanu

Ndi nyumba ziwiri zosiyana, Mayi. Masongola ndi yakale kwambiri ndipo mutha kukafikako. State House ndi ya 1901, imalonderedwa, munthu salowa wamba ndipo musaijambule popanda chilolezo. Mukapita, yambirani ku Masongola, muime pabwalo n'kuyang'ana nsanja zija, kenako mutsikire ku munda wa mitengo ndi maluwa umene uli pafupi, m'mbali mwa Mulunguzi.