Fani ya kompyuta ikamasokosera

Achimwene, yambani ndi kuchotsa fumbi. Kulira mukunenako, koti fani imayamba mukangoyatsa kompyuta osalekeza, kawirikawiri kumabwera fumbi likatseka timipata totulukira mpweya wotentha, ndiye faniyo imazungulira mwamphamvu pofuna kuziziritsa purosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta. Zimitsani kompyutayo, zulani pulagi, kenako pemererani timipatato ndi mpweya wam'chitini, fumbi louma mulipale ndi kabulashi kofewa. Popemerera, gwirani mapiko a fani ndi kamtengo kuti asazungulire, apo ayi mutha kuiwononga. Ngati ndi laputopu, lekani kuiika pabedi kapena pabulangete, imabanika.

Koma tcherani khutu kaye, phokosolo ndi lotani? Likakhala ngati mphepo chabe, vuto ndi kutentha. Tsegulaninso Task Manager (pulogalamu ya mu Windows yoonetsa zomwe zikugwira ntchito mu kompyuta), mwina pali pulogalamu yomwe ikupanikiza purosesa mpaka 100% inu osadziwa. Likamamveka kukhwekhwereza kapena kugogoda, ndiye kuti kawaya kakukhudza mapiko, kapena bearing (pamene mapikowo amazungulira) yatha. Ndaonapo ena akudonthezera timafuta pamenepo. Faniyo imakhaladi chete, koma sipapita nthawi, yayambiranso. Kwa ine bola kungogula fani ina yofanana kukula ndi yakaleyo.

Pitani nayo kompyutayo kwa katswiri ngati ikumazima yokha ikatentha, kapena ngati pakufunika kusintha thermal paste (kaphala kopaka pa purosesa kothandiza kuchotsa kutentha) pa laputopu yoti simunaimasulepo, makamaka ikadali pa waranti. Phokoso likamachokera mu power supply (bokosi logawa magetsi mu kompyuta), bokosi limenelo musalitsegule ayi: ma capacitor ake amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.