Mita ikuti 30 ohm koma ma amp sakugwirizana

Achimwene, mwati mwayeza koyilo (waya wokulungidwa) ndi multimeter n'kupeza 30 ohm, ndiye pa 230V mumayembekezera 7.7A (230 kugawa ndi 30), koma clamp meter, mita yopanira pa waya poyeza karenti, ikuonetsa 4.6A. Mita zanuzo zonse zili bwino, musazitaye.

Multimeter imayeza ndi batire yake yamkati, yomwe ndi DC, magetsi oyenda mbali imodzi, choncho imangoona waya wa kopa wokhawo. Koma magetsi a Eskom ya ku South Africa ndi AC, amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, chimodzimodzi a ESCOM kumudzi. Koyilo imadana ndi kusinthasintha kumeneku. Karenti ikati itembenuke, maginito a m'koyilomo amaikaniza. Kukanizako ndiye reactance, XL = 2πfL (f ndi ka 50 pa sekondi kaja, kapena kuti 50Hz, L ndi inductance, mphamvu ya koyilo yopanga maginito), ndipo pa DC kulibe.

Tengani manambala anu omwewo. 230 kugawa ndi 4.6 mupeza 50 ohm, imeneyo ndiye impedance, kukaniza konse kwa waya ndi XL pamodzi. Apa m'pamene ana a sukulu ambiri amaterereka, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa amaphatikiza 30 ndi XL ngati ndalama. Sizitheka, poti ziwirizi zimasemphana ndi madigiri 90. Pamafunika Pythagoras: 50² kuchotsa 30² ndi 40². XL yanu ndi 40 ohm.

Kapasita, kachipangizo kosunga chaji, imakaniza mosemphana ndi koyilo. Mukalumikiza ya 80µF mu series, kutanthauza mondondozana ndi koyiloyo, pa 50Hz imapereka pafupifupi 40 ohm, ziwirizo zimafafanizana, patsala 30 ohm yokha, ndipo 7.7A yanu ija imatulukira. Resonance ndi imeneyo. Kumbukirani katungwe: mukamakankha pa nthawi yake, mwana amafika m'mwamba inu osatuluka thukuta. Wailesi imasankha Kaya pa 95.9 pakati pa masiteshoni ambirimbiri m'njira yomweyi.

Koma musayese musanawerenge izi. 7.7A kuchulukitsa ndi 40 ohm ndi 308V pa kapasitayo, pomwe pakhoma pali 230V yokha. Waya akakhala wa 10 ohm, ndi 920V. Ndikuphunzira ntchito pa kagalaja kena ku Jeppestown ku Johannesburg ndinaikapo kapasita ya 250V. Inayamba kufunda, mutu wake n'kutupa ngati chitumbuwa, kenako phuu! mafuta m'nkhope, fungo lake tsiku lonse osachoka m'malaya. Maso ndinapulumuka chifukwa cha magalasi.

Ngati mukufuna kuyesa, gulani kapasita ya 450V AC, ikani fyuzi, ndipo mukazimitsa muichotse chaji kudzera pa resistor musanaigwire. Mutiuzenso ma amp amene mwapeza.